Chibokosi Chomwe Ndinagulitsa

Abwana anga a ku Area 43 pobwerera kwawo ku Amereka anandisiyira makina osema matabwa, aja amayenda okha ukawalumikiza ku kompyuta. Nditatha zaka khumi ndikutchetcha kapinga, ndinkati ntchito ya m'gadeni ndatsanzikana nayo.

Kompyuta yakale ndinabwereka kwa alamu anga a Edwell, koma chingwe cholumikizira panalibe. M'katundu wa makinawo munali chibokosi chachitsulo, cholemera ngati mwala, chopanda ndi batani lomwe. Ndinachigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndalamayo n'kukagulira chingwe ku Old Town. Pulagi ya makinawo inakana kulowa pakhoma, ndiye ndinaidula n'kupanikiza mawaya ndi timitengo ta machesi, monga timachitira ndi wailesi.

Kunangomveka kuti phu, kenako fungo la pulasitiki yopsa.

A Edwell, omwe amakonza zamagetsi, atabwera ananunkhiza n'kupukusa mutu. "Alamu, makinawa amayendera magetsi ochepa mphamvu, a kwawoko. Sanakupatseni chibokosi cholemera chochepetsera mphamvu?"

Ndinafuna kuwatukwana, koma chitsiru chinali ine.

Chingwe chija chilipo, chatsopano, sichinagwirepo ntchito. Lolemba ndikagogoda m'mageti kufunsa ngati akufuna wotchetcha kapinga.