Thadzi Lomwe a Dini Anabweza

Akanakhala munthu wamba, woti ungamude n'kupumako, bwenzi zinthu zikupepuka. Koma Triza, atakhala pa kaliyala ya njinga ya bambo ake, thadzi lomangidwa miyendo lili m'manja, ankafufuza chidani mumtima mwake monga mmene munthu amapalasira dothi kufuna mtedza wotsalira pokolola, ndipo chimene ankapeza chinali china, mantha osakanikirana ndi ulemu, omwe aja amene ankamugwira akaona Pulofesa Anasi Nkhwazi akudutsa pakhonde la yunivesite, mafayilo ali kukhwapa, ophunzira akupatuka okha popanda wowauza. Amenewo ndiwo a Dini, mkulu wa nthambi yonse ya zaulimi. Ndiwonso anasaina kalata ija inafika pa foni yake pafupifupi masabata atatu apitawo, yoti wachotsedwa sukulu, ndipo siginecha yawo anali ataikulitsa ndi zala kambirimbiri pa galasi losweka la foniyo mpaka ankaidziwa ngati nkhope ya m'bale: chilembo choyamba chachitali, chowerama pang'ono, kenako mzere wosanjenjemera ngakhale pamodzi.

"Walifumbata bwino?" anafunsa bambo ake, a Mateyo, osacheuka. "Lisakafike lolefuka, angati tawapatsa lodwala."

"Ndalifumbata, bambo."

Bambo akewo sankadziwa kanthu za kalatayo. Anangomva kwa alangizi kuti lero pa Mkanda pali chionetsero cha mtedza wa mtundu watsopano, wosagwidwa ndi matenda a kadukutu, ndiponso kuti akubwera ndi a pulofesa eni ake a kusukulu ya Triza, mwana wa kuno konkuno, wa ku Mavwere. Anachapa malaya awo a kutchalitchi, n'kugwira thadzi lamawangamawanga, lomaliza mwa nkhuku za malemu mkazi wawo, chifukwa mlendo wotero sangafike kwanu n'kubwerera chimanjamanja, makamaka mlendo amene akukulerera mwana. Akukulerera mwana! Mawuwo anawanena dzulo akumanga luzi, ndipo Triza anangoyang'ana pansi.

Zinayamba mu Disembala, mayeso atatsala masiku awiri. Foni inalira, mayi agonekedwa ku chipatala cha pa Boma, ndipo iye anangonyamula chitenje ndi beseni n'kukwera minibasi, monga mmene mwana aliyense wa kwawo akanachitira, pakuti mayi ako akadwala sutsanzika, umangopita. Kuti pali fomu yoyenera kulemba, kuti pali mkulu wa dipatimenti woyenera kumuuza, kuti sukulu yaikulu ngati ija siwerenga za mumtima koma za papepala, ankadziwa, inde ankadziwa, anauzidwa sabata yoyamba yomwe, koma zinaoneka zazing'ono poyerekeza ndi mpweya wa mayi ake umene unkatuluka movutikira ngati ukudutsa m'bango. Anagona pansi pa bedi lawo masabata awiri. Anawaika m'manda Khirisimasi isanakwane. Ndipo bambo ake atamufunsa pa siwa, maso ali ofiira, ngati mayeso analemba, iye anati tinamaliza, bambo, tinamaliza kalekale, chifukwa munthu amene wangoika mkazi wake sungamusenzetse mtolo wina. Bodza lija linabereka linzake, lakuti tchuthi achitalikitsa, ndipo tsopano mabodza onse awiri anali panjinga imodzi kupita kwa munthu yekhayo amene angawaphe ndi chiganizo chimodzi.

Kalatayo inali ndi mzere wina pansi, woti angathe kuchita apilo pasanathe masiku makumi awiri ndi limodzi, ndipo Lolemba ndilo linali tsiku lomaliza. Sanalembe. Anayamba kanayi, n'kufufuta kanayi, chifukwa akafika pa mawu oti mayi anga anamwalira, chala chinkauma, ndipo mawu ena amkati ankamufunsa mwachipongwe: kodi n'zoona kuti ndi maliro anakulepheretsa, kapena Lonjezo? Lonjezo wa chaka chachitatu uja, woseka ngati alibe mawa, amene ankakhala naye pansi pa mtengo wa kuseri kwa laibulale mabuku ali chitsekere, akumanga nyumba za m'maloto, kusankhiratu mayina a ana, teremu yonse n'kusungunuka ngati shuga m'tiyi, ndipo pamaliro anangotumiza uthenga wa mizere iwiri. Akanakhala m'chipinda cha mayeso muja, akanalemba chiyani? Mwina matenda a mayi ake anangomupatsa pothawira, mwina pokwera minibasi ija panali kachigawo kena ka mtima wake kamene kanapuma, kanati ndapulumuka. Ayi, si zoona, analira njira yonse. Koma munthu angathe kulira ndi kupuma nthawi imodzi. Ndiye atenge dzina la mayi ake, alikumbe m'manda, akalipereke pa tebulo la akuluakulu kuti limugulire malo amene anawataya yekha?

Pa Mkanda anapeza njinga zitatsamira mitengo mbali zonse, amayi atakhala m'mphepete mwa munda, mizere ya mtedza itabiriwira mpaka kutsidya. Triza anaima kumbuyo kwa gulu, thadzi likugunda mtima pansi pa chikhatho chake, kapena unali mtima wake, sankasiyanitsa.

Galimoto yoyera inaima, ndipo a Dini anatsika. Triza ankayembekezera chiyani kodi, mkanjo wofiira uja anavala tsiku lolandira ophunzira atsopano, pomwe anaima kutsogolo kwa holo n'kunena kuti dzina lililonse la m'nthambi yake amaliwerenga yekha, lopambana ndi lolephera lomwe? Anatsika mayi wamfupi, waimvi za m'mbali, atamanga chitenje pamwamba pa thalauza, ndipo asanapite ku mpando umene anawakonzera anapita kumene kunakhala okalamba, n'kugwada, bondo mpaka pa dothi, kuwapatsa moni mmodzimmodzi. Munthu amene amatsogolera madokotala a maphunziro makumi angapo, amene amakhala pa msonkhano wa seneti pomwe amagamula zoti aphunzitse ndi zoti asiye, amene akakana kusaina palibe angavale gauni, anagwada pa dothi la pa Mkanda! Kenako anavula nsapato, analowa mumzere, anazula phata limodzi ndi manja ake, nalikutumula, nalikweza m'mwamba kuti onse aone mmene labalira. Anati mbewu imeneyi inawatengera zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kawiri konse iye yemwe anailetsa kutuluka, anzake akum'kwiyira, chifukwa manambala sankagwirizana, ndipo mlimi sungamupatse chinthu chimene iwe mwini ukuchikayika.

Kawiri konse anailetsa. Ndi manja omwewo, odetsedwa ndi dothi lofiira mpaka m'zikhadabo, ndi omwewo anagwira cholembera. Triza ankayesa kuganizira chipinda chija cha pamwamba, chimene ophunzira amangochionera panja, pomwe aphunzitsi amadzitsekera tsiku lonse kuwerenga zotsatira, a Dini ali kumutu kwa tebulo, ndipo dzina lake likutchulidwa, Triza Kachere, mapepala anayi opanda kanthu. Kodi anakweza mutu? Kodi anafunsa kuti mwanayu ndi wa kuti, kapena anangotembenuza tsamba? Mayina ndi mazanamazana, sangamukumbukire, ndipo apo ndiye panali chipulumutso chake, alandire thadzi, athokoze, akwere galimoto. Koma maso awo anadutsa pa gulu n'kuima kanthawi cha kumene iye anali, ndipo anatsimikiza kuti amudziwa, amudziwa kuyambira potsika, mwina n'chifukwa chake anena za kuletsa mbewu, amanena iyeyo. Zamisala, anadziuza, munthu wamkulu chonchi angabwere ulendo wonsewu kudzaponya mawu kwa iwe? Ndiwe ndani?

Dzuwa litapendeka, anthu akubalalika, a Mateyo anamukoka dzanja. Anavula chipewa, nawerama pamaso pa a Dini.

"Mayi, ine ndine Mateyo Kachere. Uyu ndi wanga, ali kwanu komweko, chaka chachiwiri. Tati tisakuoneni ndi maso okha."

Anatenga thadzi m'manja mwa Triza, nalipereka ndi manja awiri. Pulofesa anayang'ana bamboyo, anayang'ana mwanayo, ndipo Triza anaona dzina lake likufika m'maso mwawo pang'onopang'ono, ngati munthu wochokera kutali amene ukuyamba kumuzindikira mayendedwe.

"Triza Kachere," anatero. "Ndikumudziwa."

"Mwamva!" a Mateyo anacheukira anzawo a m'mudzi, akuseka. "Akumudziwa ndi dzina lomwe!"

Tsopano, anaganiza Triza, tsopano anena. Koma a Dini anaika manja onse awiri pa thadzi lija, analisisita pamsana, nawerama, monga amachitira wolandira, kenako analikankhira pang'ono kwa mwini wake.

"Bambo, ulemu wanu ndaulandira, wafika. Koma nkhukuyi sinditenga. Zotsatira za mwana wanu zimadutsa m'manja mwangamu, ndiye sindiloledwa kudya cha kholo lake."

"Ndi nkhuku chabe, mayi."

"Ndikudziwa. Inenso ndi wa kuno, ndikudziwa kuwawa kwake. Mundikhululukire."

Kuseka kuja kunazima pa nkhope ya a Mateyo. Munthu wina kumbuyo anang'ung'udza kuti sukulu ikachuluka imaiwalitsa mwambo, wina n'kumuyankha kuti bola akanapatsa iyeyo, ndiwo alibe. A Dini anapempha kuti abwereke mwanayo pang'ono, akawaperekeze ku galimoto kumene anthu anawaikira nsapato zawo, ndipo Triza anawatsatira, thadzi litabwerera m'manja mwake.

"Mapepala anayi, popanda kalata ngakhale imodzi," anatero a Dini motsitsa mawu, akupukuta mapazi. "Ndinaimitsa dzina lako masabata awiri, tikukufunafuna. Foni yako sinkayankhidwa. Unali kuti?"

Masabata awiri. Manambala achilendo aja ankaimba mu Febuluwale, iye n'kumangowayang'ana mpaka asiye.

"Mayi anamwalira."

Nsalu yopukutira inaima. Kwa kanthawi panalibe pulofesa, panali mayi wa ku Mavwere atagwira nsapato imodzi m'manja.

"Pepa, mwana wanga. Bambo ako akudziwa za kalata?"

"Ayi."

"Ine sindiwauza, si udindo wanga. Ndipo apilo sabwera kwa ine, wosaina saweruzanso mlandu womwewo. Ulembere wachiwiri kwa mkulu wa yunivesite, Lolemba lisadutse. Pafunika chikalata cha kuchipatala, ndi umboni wa bambo ako."

Umboni wa bambo ake. Ndipo chinthu chija chimene sanauzepo munthu, ngakhale Mulungu pomwe ankachizungulira popemphera, chinatuluka chokha.

"Ngakhale ndikanalemba, ndikanalephera. Sindinkawerenga."

A Dini anamuyang'ana nthawi yaitali, osamwetulira, osakwiya.

"Mwina. Koma ife sitichonga mayeso amene sanalembedwe. Ulembe zimene zinachitika, osaonjezera, osachotsera. Akakana, akana. Sindikukulonjeza kanthu."

Anavala nsapato yachiwiri, nakwera, ndipo galimoto inalowera njira ya ku Boma, fumbi lofiira likutsalira m'mwamba.

Sitichonga mayeso amene sanalembedwe. Iye anali atadzichonga yekha miyezi itatu, tsiku ndi tsiku, n'kudzipatsa ziro, ndipo munthu amene anali ndi mphamvu zonse zomuweruza anakana kupitirira pomwe pepala lathera, anakana nkhuku, anakana bodza, anakananso kunena choona chimene sichinali chake kunena, ngati munthu woyenda pa kamtengo koolokera mtsinje, wosapendekera uku kapena uku, ndipo Triza sankadziwa ngati chimenecho ndi chifundo kapena nkhanza, kapena chinthu china chachikulu kuposa zonse ziwiri chimene iye analibe dzina lake. Ankafuna kuthamangira galimoto ija, ankafuna kudzakhala munthu wotero tsiku lina, ankafuna dothi limumeze.

Bambo ake sanakwere njinga. Ankaikankha, chipewa chili m'manja, malaya a kutchalitchi atanyowa thukuta pamsana, ndipo anayenda chomwecho mpaka minda ya anthu itatha, pomwe panalibenso wowamva.

"Nkhuku ya mayi ako," anatero, ngati akudziyankhulira. "Chibadwire sindinaonepo." Anayenda pang'ono, kenako anaima. "Koma akukudziwa ndi dzina. Amakuuza chiyani ku galimoto kuja?"

Chikalata cha kuchipatala chinali m'Baibulo la bambo ake, pa alumali, pomwe anachipinda okha tsiku la maliro, ndipo panalibe njira yochitengera osadutsa pa iwo. Lero linali Loweruka. Luzi linali litamasuka, Triza anangozindikira tsopano, miyendo ya thadzi inali yomasuka mwina kuyambira pa galimoto paja, koma silinathawe, linangokhala phee m'manja mwake, lofunda, diso lake limodzi lozungulira likumuyang'ana osaphethira, ndipo kuseri kwake kunali maso a bambo ake, akudikira.