Belo ya Bambo Wailesi

Mayi wa saluni analumbira m'mawa umenewo akukhoma chitseko cha saluni yake: kukhoti apita, inde, koma kongoperekeza mwana. Pakamwa sakatsegula, ngakhale kuyasamula kumene.

"Abambo akowo ndinathana nawo kalekale," anauza mwana wakeyo, amene anali namwino, ali m'basi. "Ine ndikukakugwirira chikwama basi."

Bambo ankanenedwayo anali telala, koma aliyense ankangomutcha Wailesi. Munthu wolongolola ngati ameneyo sanabadwenso. Ankasoka akulankhula, kudya akulankhula, ngakhale kutulo ankatsutsana ndi anthu osaoneka. Mayi wa saluni anapirira mpaka makutu anatopa, ndipo tsiku lina anamutulutsira makina ake osokera panja, ukwati n'kuthera pomwepo.

Pakamwa pomwepo ndi pamene panamuika m'mavuto. Pakhonde la shopu yake pankasonkhana amuna osowa chochita, kumadandaula za kukwera mtengo kwa zinthu. Tsiku lina Wailesi ananena mokweza kuti akuluakulu a boma atule pansi maudindo, dziko lawakanika. Wina anakamunenera. Apolisi anabwera nati chimenecho n'chiwembu chofuna kugwetsa boma, ndipo macheza a pakhonde aja anasanduka msonkhano wachinsinsi. Chinsinsi cha m'mbali mwa msewu, dzuwa likuswa mtengo, ogulitsa nthochi akumva! Koma anthu ena alibedi manyazi.

Kuyambira pamenepo mlandu unangokhala wa mawa. Lero fayilo sinapezeke, ulendo wina mboni ya boma yadwala, ulendo winanso kafukufuku sanathe. Mvula inagwa n'kusiya, inabweranso, Wailesi ali m'ndende osazengedwa mlandu. Mapeto ake woweruza anatopa nazo. Anati belo apereka, bola papezeke anthu awiri omuimira, olonjeza kuti munthuyo sathawa. Akapanda kupezeka lero, Wailesi abwerera kundende. Namwino anali atamva mmene chifuwa cha bambo ake chinkalirira, ndipo ankadziwa kuti akabwererako sakatulukako wamoyo.

Woimira woyamba anali namwinoyo. Wachiwiri anayenera kukhala mkulu wake wa Wailesi, amene anafika atavala jekete, akudziguguda pachifuwa kuti magazi ndi magazi. Koma pakhomo la khoti panaima mwamuna wa magalasi akuda, akujambula ndi foni aliyense wobwerera mlanduwu. Mkulu uja atangomuona anati m'mimba mwamuvuta. Anathamangira kuchimbudzi, ndipo chimbudzi chimenecho sichinamubwezenso.

Atamulowetsa Wailesi, mayi wa saluni anatsala pang'ono kufunsa kuti ameneyu ndi ndani. Malaya ankangolendewera m'mapewa ngati ali pahang'ala. Anadikira kuti ayambe zake zija, kutsutsa wapolisi, kuwongolera kalaliki. Ayi ndithu. Anangoima zyoli, akukhosomolera m'manja.

"Woimira wachiwiri ali kuti?" anafunsa woweruza.

Namwino anatembenuka kuyang'ana kukhomo.

Loya wa boma anaimirira akumwetulira. "Bwana, mwaona nokha. Ngakhale abale ake sakumukhulupirira. Tikupempha kuti abwerere kundende pamene tikumaliza kafukufuku."

Kafukufuku! Mawu amenewo anamuwotcha mayi wa saluni m'mutu. Anangozindikira waimirira, chikwama cha mwana chili pansi.

"Wachiwiri ndine."

"Amayi!" ananong'ona namwino.

"Khala chete iwe, tola chikwamacho."

Anamuitanira kutsogolo, namulumbiritsa. Loya wa boma anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu ndani wake?"

"Ndinali mkazi wake."

"Munali. Ndiye kuti anakuthawani. Munthu wothawa banja, khoti angalephere kulithawa?"

"Kuthawa? Ameneyu?" Mayi wa saluni anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndinachita kumuthamangitsa ine, bambo. Ndinamutayira zovala panja, anatola n'kulowanso. Ndinasintha loko, anakhala pawindo kumandifotokozera mmene ndalakwitsira. Munthu uyu mkangano sauthawa, amachita kuutsatira. Amene akuthawa mlanduwu ndinu. Iye tsiku lililonse la khoti amapezeka, koma mboni zanuzo ndani anaziona? Ngati analakwa, muzengeni lero lomwe, ine ndikhala pompano kumvetsera. Ngati mulibe kanthu m'fayilomo, musiyeni akakhosomolere kunja."

Anthu anafa nacho chiseko, woweruza namenya tebulo. Koma m'maso mwake munalibe mkwiyo.

"Mayi, mukudziwa kuti akasowa, tidzafunsa inu?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Nanga azikakhala kuti? Ndamva kuti chipinda chimene ankachita lendi munalowa ena. Khoti liyenera kudziwa komupeza."

Apa ndiye panavuta. Mayi wa saluni anaganiza za nyumba yake, yabata, momwe ankamwa tiyi m'mawa osamva maganizo a munthu aliyense pa nkhani iliyonse. Bata limenelo analivutikira, silinabwere lokha. Anayang'ana mwana wake, nayang'ana mafupa aja ali m'malaya.

"Kwanga," anatero, ngati akumeza mankhwala owawa.

Woweruza anapereka belo. Anatchulanso tsiku lozenga mlandu, nauza loya wa boma kuti mboni zikadzapanda kubwera tsiku limenelo, mlanduwo adzautaya. Loya uja anasonkhanitsa mapepala ake, kumwetulira kuja kutatha.

Panja, wa magalasi akuda anali pomwe paja. Atawaona akutuluka atatu, anakweza foni yake. Mayi wa saluni anaima dala, nakonza tsitsi lake ndi manja onse awiri.

"Jambulani bwino, achimwene. Tsitsili ndaluka ndekha, mukawaonetse mabwana anuwo, mwina akazi awo angalifune."

Wina anamukoka mkono. Anali Wailesi, maso ali pansi.

"Mayi a mwana, chonde," ananong'ona. "Tiyeni. Musalankhule, atimva."

Mayi wa saluni anamuyang'ana, mtima n'kumupweteka kuposa mmene unapwetekera ataona mafupa aja. Wailesi kunong'ona? Wailesi kuletsa munthu kulankhula? Ndiye kuti fayilo inkasowa dala: sankafuna kumuzenga mlandu, ankafuna chimenechi, ndipo anachipeza. Misozi inabwera, koma mkwiyo unaitsogolera.

"Mwati chiyani? Sindinamve."

"Ndati tiyeni..."

"Kwezani mawu, bambo inu! Ndinakupirirani zaka zonse zija, ndinakuthamangitsani chifukwa cha pakamwa panupo. Ngati pali munthu woti akutsekeni pakamwa ndine, osati awa. Lankhulani!"

Wailesi anakhosomola nthawi yaitali, namwino atamugwira paphewa. Kenako anadzutsa mutu, nayang'ana wa magalasi uja. Anamuyang'anitsitsa jekete.

"Achimwene," anatero ndi mawu osasa, koma omveka mpaka kumsewu, "amene anakusokerani jeketeyo ndi amene akanayenera kumangidwa. Ndipo mukawauze okutumaniwo kuti zimene ndinanena pakhonde paja ndidzazinenanso m'khotimu."

"Ehee," anatero mayi wa saluni, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mupitirize m'basi. Koma tikafika pageti panga, mutseke pakamwapo."