Galimoto Yopanda Injini

Aliyense amene ankaima pathandala langa la mbatata, m'mbali mwa msewu waukulu musanafike pokhotera ku Mpanshya, ankafunsa funso lomwelo. Ankaloza mphuno yofiira imene inkasuzumira m'chisakasa cha ba Oswell, n'kunena kuti chija n'chiyani? Ine ndinkayankha kuti ndi Poso. Akafuna kudziwa zambiri, ndinkawauza kuti ayambe agula kaye mbatata.

Dzinali linachokera kwa ba Edness, akazi awo a ba Oswell, ndipo nkhani yake ankaikamba okha akuseka mpaka misozi. Kale ali ku Lusaka, ba Oswell ankagwira ntchito kwa Mjeremani wina wokumba zitsime. Ankamuyendetsa, n'kumamukonzeranso magalimoto. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira kagalimoto kake ka pamtima, kofiira, kafupi moti munthu wamtali ankachita kugwada polowa, nyali zake zotong'oka ngati maso a chule. Tsiku limenelo ba Oswell anafika pakhomo akupuma wefuwefu.

"Edness, chokako panja! Bwana anipatsa Porsche!"

Ba Edness anamva kuti poso, ufa ndi nyemba zija ankalandira antchito mwezi ukatha. Anatola thumba ndi beseni, n'kuthamangira kumsewu. Kumeneko anapeza chule wofiira ataima, amuna awo akumusisita pamsana.

"Manje poso ili kuti?"

"Ni iyi."

"Iyi? Tizadya bwanji iyi, ba Oswell?"

Kuyambira pamenepo galimotoyo inakhala Poso, ndipo dzina lake lenileni linangotsala pa zilembo zakumbuyo.

Inali galimoto yochita zinthu mobwerera. Chiwongolero chinali kumanzere, choncho ba Edness ankakhala kumanja, kumene amakhala madalaivala kuno kwathu. Pamene ankasamukira kuno ba Oswell atapuma ntchito, akuti wapolisi wapamsewu anapita pawindo la ba Edness kukapempha laisensi, mayi woti ngakhale njinga sanaipalasepo. Injini nayo sinali kutsogolo. Inali kumbuyo, ndipo kutsogoloko kunali mphako yoikamo katundu.

Ine Poso ndinaiona ikuyenda zaka zingapo. Madzulo ena ba Oswell ankaitulutsa, awiriwo n'kulowa, duku la ba Edness lili petupetu, kukafika ku Rufunsa n'kubwerera popanda chimene akagula. Tinkawaseka kuti nkhalamba izi zikutha petulo pachabe, koma kunena zoona tinkasirira. Amuna athu ife ngakhale pakaliyala ya njinga ankatikweza monyinyirika. Mulungu sanawapatse mwana anthu awiriwa, ndipo abale a mwamuna anayesetsa kuti ba Oswell akwatire wina. Iwo anakana, ndipo ubale unazizira kuyambira pomwepo.

Chaka cha chilala, chija tinadya chimanga chachikasu, china chake chinathyoka m'magiya. Ba Oswell anachifunafuna mpaka ku Lusaka koma sichinapezeke. Anaikankhira Poso chafutambuyo m'chisakasa, kumbuyo kwake kutayandikira khoma, ndipo sinayendenso. Nkhuku ya ba Edness inapeza mwayi, inalowa m'mphako yakutsogolo ija n'kuyamba kuikira. Ba Oswell anakwiya tsiku limodzi lokha, kenaka anachirikiza boneti ndi kamtengo kuti nkhukuyo izilowa bwino.

Koma injini sanailole kufa. Batire ankakachajitsa ku Rufunsa atalimangirira panjinga. Petulo ankabwera naye m'botolo la mafuta ophikira. Lamulungu lililonse pochokera ku Misa ankapukuta Poso ndi chitenje chakale, n'kukhala pampando wawo, ba Edness pampando wawonso, kenaka kuiliza. Sankapita kulikonse. Ankangokhala m'chisakasamo, maso kutsogolo, ngati anthu amene ali paulendo wautali.

"Amake Cynthia, mverani," ankandiuza ndikapita kukaonerera. "Iyi simamwa manzi monga mamotoka ena. Imamwa mphepo chabe. Mverani mwamene ikambira."

Ine ndinkangomva phokoso, koma ndinkavomera kuti ikukambadi. Anthu a ku Lusaka amene ankaidziwa mitundu ya magalimoto ankaima, kuizungulira, kupempha kuti aigule. Ba Oswell ankawapatsa madzi akumwa n'kuwaperekeza kumsewu.

Anamwalira mvula itangotha, mu 1996, kuchipatala cha ku Mpanshya, chifuwa chitawavutitsa nthawi yaitali. Ba Edness anali pambali pawo mpaka mapeto.

Abale anabwera kuchokera ku Katete, wowatsogolera ali ba Whiteson, mng'ono wa malemu. Munthuyu anali asanapondepo pakhomopo chisamukire ba Oswell, ndipo za galimoto ankangozimva. Pamaliro analira kwambiri, sindingawanamizire. Koma titangoika, misozi isanaume, anayamba kuyang'ana m'nyumba ngati anthu amene alowa m'sitolo.

Zimene zinachitika mawa lake zimandipsetsa mtima mpaka lero. Anabweretsa lole. Anatulutsa bedi, wailesi, makina osokera, mbuzi, njinga, mipando, ngakhale mapoto amene mayiyo anagula ndi ndalama za mtedza wake. Khasu anazula, n'kusiya mpini. Ba Edness anakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula. Mkazi wopanda mwana akanalankhula chiyani pamaso pa eni ake a munthu? Ife oyandikana nawo tinaima kumpanda, manja m'khosi. Ine ndinkangoti atenge zonsezo, koma chija chili m'chisakasa ayi, chifukwa ndinkadziwa kuti akachikweza palole ndiye kuti ba Oswell amwalira kachiwiri.

Pomaliza anafika kuchisakasa. Ba Whiteson anaima kutsogolo kwa Poso, manja m'chiuno. Anaona boneti ili yotsegula pang'ono, anachotsa kamtengo kaja n'kuitukula. Nkhuku inatuluka ikukuwa, kuwamenya ndi phiko kumaso. Atayang'ana m'katimo anapeza udzu, mazira ndi zitosi.

"Ah! Ilibe injini!"

Anzawo anabwera kudzasuzumira, mmodzi mmodzi, aliyense akupukusa mutu.

"Mulamu," anaitana ba Whiteson, "injini ya motoka iyi ili kuti?"

Ba Edness sanadzutse mutu. "Va mamotoka ningavidziwe bwanji ine, alamu? Munali kufunsa akulu anu."

Kumpanda kuja tinalipo anthu ambiri, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene sankadziwa kumene kunali injini. Mudzi wonse unkaimva Lamulungu lililonse. Koma tsiku limenelo tonse tinasanduka mbuli. Amuna anga anayamba kuyang'ana mitambo. Ine ndinaluma nsonga ya chitenje kuti pakamwa pangandipereke.

"Anagulitsa kudala, njala ija," anatero mmodzi wa iwo. "Ichi ni chigoba chabe. Chizatidyera malo pa lole."

Ba Whiteson anamenya tayala ndi phazi. "Chisiyeni, chikhale cha nkhuku. Koma mawilo aya ni abwino. Nizabwera kudzachotsa, nikaike ku ngolo."

Lole inanyamuka. Tinam'bwereka mayiyo mphasa ndi kapoto, ndipo tinaganiza kuti ba Whiteson apita nawo ku Katete, za matayala adzazikumbukira mwina chaka chamawa. Sitinadziwe kuti anatsikira panjira ndi njinga ija, n'kupita ku Rufunsa kwa mnzawo kukafuna jeke.

Lamulungu lotsatira, pochokera ku Misa, ndinaona ba Edness akulowera kuchisakasa atanyamula mpini uja. Ndinawatsatira.

"Mufuna kuchita chani, amai?"

"Ni pa Sondo lelo. Ikagona osalira, batire izafa."

"Nanga anthu aja akamva?"

"Ali ku Katete. Ku Katete sikumveka."

Anapukuta galimoto yonse ndi duku lawo, popeza chitenje chakale chija nachonso chinapita palole. Kenaka anatsegula chitseko cha kumanzere, koma sanalowe. Anaima panja, anawerama, anapotokola kiyi ndi dzanja limodzi, linalo likukanikiza chopondera mafuta ndi mpini. Poso inatsokomola, inakana, inatsokomolanso, kenaka inagwira. Anadikira mpaka kulira kwake kutakhazikika, anatseka chitseko bwinobwino, n'kuzungulira kukakhala kumpando wawo wa kumanja. Anaika manja pamiyendo n'kutsinzina. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale kumanda, ndipo ndinatembenuka kuti ndiwasiye okha.

Potembenukapo ndi pamene ndinawaona ba Whiteson. Anali ataima pakati pa bwalo akugwira njinga ya malemu, jeke ndi sipanala zili zomangirira pakaliyala. Ndinafuna kukuwa kuti zimitsani, koma zikanathandiza chiyani? Ngakhale nkhuku yomwe inali kumva.

Anatsamiritsa njinga pamtengo. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pamene ndinaima, osandiyang'ana. Anasuzumira kutsogolo, kumene kunali mazira aja. Kenaka anadzipanikiza pakati pa galimoto ndi khoma mpaka kumbuyo, kumene kunkatuluka kautsi, n'kuika dzanja pachitsulo chimene chinkanjenjemera. Anakhala choncho kanthawi. Pobwerera anaima pawindo la ba Edness.

Mayiyo anatsegula maso. Sanadzidzimuke, sanapepesenso.

"Mwaipeza, alamu," anatero. "Tengani. Koma nipempha chimodzi chabe. Isiyeni itsirize kulira. Akulu anu sanali kuizimya ikalibe kutentha."

Ba Whiteson anayang'ana mpando wopanda munthu uja, ndi mpini umene unali utagona pansi pake.

"Nanga simunakhale uko kuli chiwongolero chifukwa chani?"

"Ni pa akulu anu paja."

Ba Whiteson anagwira denga la galimoto n'kupendeketsa mutu, kumvetsera. Injini ya Poso inali ndi kaliridwe kakekake, kokhuthala, kogwedera, kokhala ngati ikufuna kuleka kenaka n'kuyambiranso.

"Mulamu," anatero, "iyi motoka ichita nkonono monga ba Oswell."

Ba Edness anawayang'ana.

"Tili ana tinali kugona mphasa imodzi," anapitiriza. "Sininali kugona ine. Ninali kuwachaya na chigongono, aleka pang'ono, ayambanso. Ndiye iyi. Ndiye iyi yeniyeni."

"Imwe munavutika muli ana chabe," anatero ba Edness. "Ine zaka zonse izi! Manje m'nyumba muli zii, tulo sitibwera."

Anayamba kuseka onse awiri, ndipo kusekako sikunachedwe kusanduka kulira. Bambo wamkulu, wa imvi zake, amene anazula khasu la mkazi wamasiye masiku angapo m'mbuyomo, anatsamira galimoto akulira ngati mwana, akutchula dzina la mkulu wake. Ine ndinali nditakonzeka kudana naye moyo wanga wonse, ndipo zinandinyansa kuti nanenso ndikulira.

Atadzipukuta kumaso anafunsa kuti, "Batire muchajisa kuti?"

"Ku Rufunsa. Anali kupereka pa njinga."

"Na dzina ili nayo, namvera."

"Poso."

"Poso," anabwereza, akugwedeza mutu. Ndikuganiza kuti nkhani ya thumba ndi beseni anaimvapo kalekale, masiku amene ankalankhulana ndi mkulu wawo. "Poso salandira munthu amene sanagwire nchito. Imwe ndimwe munagwira, mulamu."

Anapita panjinga paja, anamasula jeke ndi sipanala, n'kuzikoleka paphewa. Njingayo anaikankha mpaka kuchisakasa n'kuitsamiritsa pamzati.

"Mawilo aya ni ang'ono ku ngolo," anatero, akuyang'ana ine ngati kuti ndine ndawafunsa. "Ndipo motoka iyi ilibe injini. Ninaona na maso anga, muli nkhuku. Ndiye vamene nizakauza anthu kumudzi."

Bedi, wailesi ndi mbuzi sizinabwerere, ndisakunamizeni. Munthu sasintha yense tsiku limodzi.

Anatsikira kumsewu kukadikira minibasi, pafupi ndi thandala langa. Ndinawatsatira, ndinasankha mbatata zabwino n'kuwamangira m'pepala, ngakhale kuti mtima wina unkandiuza kuti ndiwapatse zofumbwa. Analandira ndi manja awiri. Kuchisakasa kuja Poso inali ikulirabe.

Minibasi yopita kum'mawa inafika, kondakitala akukuwa kuti malo alipo. Ba Whiteson anaikupiza dzanja kuti ipite. Ndinawauza kuti Lamulungu magalimoto ndi osowa, ina mwina ibwera dzuwa litapendeka.

"Nizayembekeza," anatero, nkhope atalozetsa kuchisakasa. "Akulu anga akalibe kuuka."