Nesi ndi Nyumba za Eni

Kunali kutatsala masabata atatu kuti mayeso olankhula Chingerezi achitike, ndipo Nesi sankakhazikika. Akakhala pampando ankadzuka, akadzuka ankaiwala chimene wadzukira. Anali atagwira ntchito m'wodi ya amayi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo chipatala china cha kunja chinali chitamulonjeza malo, bola akhoze mayesowo. Ulendo woyamba anakhoza zolemba, zowerenga ndi zomvetsera. Anagwa pa kulankhula, ndipo chinamugwetsa chinali kafunso kooneka kachibwana: kodi mukakhala kuti simuli pantchito, mumakonda kuchita chiyani? Tsiku limenelo anangoti kukamwa yasa, kenako n'kunena kuti amakonda kugona. Woyesa uja anadikira kuti apitirize, koma panalibe chopitiriza.

Ulendo uno ankati wakonzeka. Mnzake wa kuntchito anamutumizira pafoni yankho lokonzakonza, lomwe ankati lapambanitsa anthu ambiri, ndipo Nesi analiloweza lonse. Ankalinena m'bafa, ankalinong'ona m'minibasi, nthawi zina ankazindikira kuti milomo ikuyenda yokha iye akumanga bala la wodwala. Yankholo linkati iye amakonda kusambira, chifukwa kusambira kumalimbitsa thupi ndi kupumitsa maganizo.

Amene ankamukonzekeretsa anali mphunzitsi wopuma ntchito, wokhala m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Ophunzira ankangowatchula kuti a Chifukwa, poti yankho silinkadutsa pamaso pawo osalifunsa chifukwa chake. M'chipindamo munali tebulo limodzi, mipando iwiri yosiyana msinkhu, ndi kawotchi kakukhitchini komwe ankakatchera mphindi ziwiri. Pansi akayamba kutsitsa malata pagalimoto, onse awiri ankakhala chete mpaka phokoso lithe.

Lachiwiri lina a Chifukwa anatchera kawotchi n'kufunsa funso lija m'Chingerezi. Nesi analakatula yankho lonse osapuma, n'kumaliza mphindi imodzi isanakwane.

A Chifukwa anavula magalasi. "Mumasambira kuti?" anafunsa, m'Chingerezi momwemo.

"M'madzi."

"Madzi ake ati?"

Nesi anayang'ana kawotchi, kenako zikhadabo zake. A Chifukwa anakankhira kawotchiko pambali n'kusiya Chingerezi.

"A Nesi, munayamba mwalowapo m'madzi opitirira m'mawondo?"

"Ayi, Aphunzitsi."

"Ndiye mumasambira pakamwa pokha. Yankho limeneli ndalimva kwa anthu asanu ndi mmodzi chaka chino, ndipo woyesa uja walimva kuposa ine. Akangozindikira kuti mwaloweza, amakupatutsani ndi kafunso kamodzi, basi mwamira."

"Nanga ndinene chiyani? Ine chokonda ndilibe. Ndimadzuka, ndimapita kuntchito, ndimabwerako, ndimachapa yunifomu."

"Chingerezi muli nacho. Ndakumvanipo mukufotokoza za mayi wothamanga magazi kwa mphindi zisanu osakakamira. Chimene mulibe ndi nkhani. Pitani mukadziyang'anire sabata ino. Mukadzipeza mukuchita chinthu chimene palibe wakutumani, mudzabwere nacho kuno."

Nesi anatsika masitepe atapsa mtima. Munthu wopuma ntchito, wokhala yekha ndi mabuku ake, angadziwe chiyani za nthawi ya munthu wa mashifiti? Koma pofika pamsewu anali ataganiza kale zochita. Ngati chokonda alibe, achipanga yekha masabata atatuwo asanathe.

Lachitatu anapita kuhotela ina yomwe ili ndi dziwe losambiramo. Anaima kuseri kwa mpanda n'kumayang'ana anthu akukupa madzi, koma fungo la mankhwala a m'madzimo linamukumbutsa chipinda chotsukira ziwiya za odwala, ndipo anabwerera osafunsa n'komwe polowera. Lachinayi anagula ulusi ndi singano zolukira. Pa nthawi yopuma analuka mizere itatu yokhotakhota, mpaka mayi wina wodwala anachita chisoni, namulanda n'kumaluka yekha. Lachisanu anabwereka buku la nthano za chikondi kwa mwana wake wamkazi wa ku koleji. Tsamba loyamba analiwerenga kanayi osadziwa kuti akukondana ndi ndani.

Loweruka masana anali kunyumba, akungoyendayenda kuchoka kukhitchini kupita pabalaza. Amuna ake, a Telala, ankagwirira ntchito pabalaza pomwepo, makina osokera ali pafupi ndi zenera, mapini ali kukamwa.

"Amayi, khalani pansi. Mundidulitsa nsalu ya eni mokhota," anatero, mapini ali pomwepo.

Nesi anakhala pamphepete pa mpando. "Abambo, inu mwakhala nane zaka makumi awiri. Ine ndimakonda chiyani?"

A Telala anachotsa mapini kukamwa limodzilimodzi, n'kuwabaya pakapilo. "Nyumba za eni."

"Mwati chiyani?"

"Nyumba zimene anthu akumanga. Kuchoka pasiteji kufika pano ndi mphindi khumi, koma inu mumatha ola, chifukwa mumazungulira kumtunda kuja kukaona ngati akhoma denga. Mukalowa muno, moni wanu ndi wakuti, 'Aja aika zenera loyang'ana chimbudzi cha aneba.' Mwina ndikunama?"

"Kumeneko ndi kungodutsa."

A Telala anatsegula dirowa ya pansi pa makina n'kutulutsa mpukutu wa mapepala womanga ndi kansalu. Munali maenvulopu akale, makatoni a mankhwala ophwatalala, ndi mapepala a ndandanda ya mashifiti. Kuseri kwa lililonse kunali kutajambulidwa zipinda ndi bolopeni yabuluu, makomo ataonetsedwa mbali imene akutsegukira.

"Ndimazipeza m'matumba a yunifomu mukandipatsa kuti ndisoke mabatani. Sinditaya."

Nesi anamva kumaso kutentha ngati wagwidwa akuba. Malemu bambo ake anali mmisiri womanga nyumba, ndipo ali kamtsikana ankawagwirira chingwe, iwo n'kumamulola kusuzumira kathovu ka m'levulo kuti anene ngati khoma lawongoka. Atamaliza sukulu, kumene kunamuitana kunali ku unamwino, ndipo anapita osadandaula. Za zojambulazo sanauzepo munthu. Akanatani nazo? Munthu wokhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri n'kumajambula nyumba za makomo asanu ndi atatu, anthu angamuseke.

"Zimenezi ndikanene pamaso pa woyesa mayeso?" anafunsa.

"Kusiyana ndi kusambira kuja, ndiye bola. Inu mvula ikangodontha mumathawira pakhonde."

Lolemba poweruka, Nesi anazungulira kumtunda kuja, koma ulendo uno mwadala. Panali nyumba yosanjikizana yomwe anaitsatira kuyambira pokumba maziko. Kwa miyezi inayi chinthu chimodzi chinkamusowetsa mtendere, ndipo tsiku limenelo analowa pachipata, nsapato zoyera zikuponda mchenga, n'kufunsa kapitawo.

"Pepani, abambo. Khomo la kukhitchini lija likamatseguka, silizimenya wotsika masitepe?"

Kapitawo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu ndi abale a eni nyumba?"

"Ayi, ndimangodutsa."

Bamboyo anapita kukaima pakhomopo, nayerekeza ndi mkono kutsegula chitseko chomwe chinali chisanaikidwe, nakanda m'mutu. Kenako anaitana mmisiri wake. Nesi anachoka awiriwo akadakangana, ndipo panjira anazindikira kuti akufotokoza nkhaniyo chamumtima m'Chingerezi, yothyokathyoka, koma ikuyenda.

M'mawa mwake anayala mapepala aja patebulo la a Chifukwa. Iwo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatchera kawotchi. Nesi anayamba bwino, koma pasanapite nthawi anakakamira. Sankadziwa kuti chimtanda cha simenti cha pamwamba pa khomo amachitchula bwanji m'Chingerezi, ndipo anangoima.

"Musaime," anatero a Chifukwa. "Dzina lakelo ngakhale ine ndiyambe ndafufuza m'buku. Nenani kuti chili pati, chimaoneka bwanji, chimagwira ntchito yanji. Woyesa sakufuna mmisiri. Akufuna amve ngati mungadzipulumutse mawu akakuthawani. Tiyambirenso."

Anayambiranso kasanu. A Chifukwa anamuletsa kulemba yankho papepala. Ankasintha funso tsiku lililonse: munayamba liti, mumapita ndi ndani, n'chifukwa chiyani simupita kukaona nyumba zothatha. Yankho likafupika, iwo ankangogogoda patebulo ndi pensulo mpaka Nesi atchule tsiku lenileni ndi munthu weniweni. Vuto lina linali lakuti Chingerezi chimasiyanitsa iye wamwamuna ndi iye wamkazi, ndipo Nesi akatengeka ndi nkhani, kapitawo uja ankasanduka mkazi, kenako mwamuna, kenako mkazinso.

"Bambo ameneyu mumusiyire chimodzi," ankatero a Chifukwa.

Sabata yomaliza, phunziro litatha, anamutengera pakona ya chipinda n'kumuonetsa khoma lomwe linkanyowa mvula ikagwa. Anamufunsa m'Chingerezi kuti vuto lili pati, ndipo Nesi sanadziwe ngati akumuyesa kapena akufunsadi.

Tsiku la mayeso anafika kutatsala ola lathunthu. Oyang'anira anawalanda mafoni onse odzayesedwa, nawakhazika pamipando ya pulasitiki m'khonde lalitali. Mayi wina pafupi naye ankanong'ona zoloweza, maso ali tsinzi. Nesi anadzuka kukamwa madzi katatu, ndipo ulendo wachitatu woyang'anira anamupempha kuti akhale malo amodzi.

Woyesa anali mayi wa imvi, wachimfine, kachipangizo kojambulira mawu kali patebulo. Anafunsa za ntchito, za nyengo, za mtundu wa nsapato umene Nesi amakonda. Nesi ankayankha, koma mtima uli pa funso lija, lomwe silinkabwera. Kenako mayiyo anamupatsa kakhadi ndi pensulo. Pakakhadipo panalembedwa kuti afotokoze chinthu chimene amakonda kuchita payekha akapeza mpata, ndipo anali ndi mphindi imodzi yokonzekera.

Analemba mawu atatu okha. Atauzidwa kuti ayambe, ananena kuti chokonda chake n'chachilendo pang'ono, kuti amayenda n'kumaona nyumba za anthu osawadziwa zikumangidwa. Ananena za bambo ake ndi chingwe. Dzina la levulo linamuthawa, ndiye anati ndi kathabwa kokhala ndi madzi pakati, komwe kamauza mmisiri ngati khoma likunama. Kapitawo anasandukanso mkazi kamodzi, Nesi n'kudzikonza yekha. Anali pakati pa nkhani ya khomo la kukhitchini pamene woyesa anakweza dzanja kuti nthawi yatha.

"Nanga yanu munamanga?" anafunsa mayiyo.

"Ayi. Ndikadasankhabe kumene mazenera ayang'ane."

Woyesa anamina, nalemba kanthu, napita ku funso lina. Nkhope yake sinanene chilichonse.

Masiku khumi ndi atatu odikira zotsatira anali oipa kuposa okonzekera. Nesi ankakumbukira mawu amene analakwitsa mmodzimmodzi, ali m'minibasi, ali pamzere wa mankhwala. Tsiku lina anathira mchere mu tiyi wa a Telala, iwo n'kumwa theka asanamuuze.

Uthenga unabwera cham'mawa, iye akusintha botolo la madzi a m'mitsempha kwa mayi wina amene anachitidwa opaleshoni. Foni inanjenjemera m'thumba. Anamaliza kaye ntchitoyo, nawerenga madontho kawiri kuti atsimikize, nalemba pakhadi, kenako anatuluka kukaima pazenera la m'khonde. Anali atakhoza. Malikisi ake anali enieni amene chipatala chija chinkafuna, osapitirira, osaperewera.

Anaimbira amuna ake. Pafonipo ankamva makina akulira, kenako anasiya.

"Abambo, ndakhoza."

"Ndiye mukupitadi."

"Zikuoneka choncho."

"Liti?"

"Sindikudziwa. Mwina miyezi itatu, mwina inayi. Inu ndi mwana mudzanditsatira zikalongosoka."

A Telala anakhosomola. "Ndamva kuti kumeneko kumazizira zedi. Poweruka mudzere kusitolo ya nsalu, musankhe yochindikala, ya mtundu umene mukufuna. Ndiyambe jekete kudakali nthawi."

"Simundiyeza kaye?"

"Muyezo wanu ndimaudziwa."

Nesi anaima choncho foni ili kukhutu mpaka mnzake anasuzumira pakhomo la wodi n'kunena kuti mayi wa pabedi lachinayi wayamba kusanza. Anaika foni m'thumba, napukuta m'maso ndi chigongono, n'kulowa.