Mpando Wometera Unatuluka Panja

Mayi anaona kuti amuna awo, amene anali ometa tsitsi, ayamba kuima pakati pa ntchito n'kutsamira mpando, wefuwefu ngati akwera phiri. Kachifuwa kouma kanalinso pomwepo. Mayi anachita mantha, poti bambowa anali ndi matenda a mtima, ndipo mliri wa korona unali utafika mumsewu mwawo.

Bambo masiki ankavala ndithu. Koma kodi ndevu mungamete munthu atavala masiki? Kasitomala aliyense ankavula yake n'kumawapumira kumaso, uku akukangana za mpira m'kachipinda kopanda windo.

Mayi atawauza kuti apite kuchipatala, bambo anangoseka. Anati kubanikako ndi mtima wawo womwe uja, amaudziwa kuposa dokotala. Chinakwiyitsa mayi n'chakuti bambo anali atasiya mapilitsi a mtima, ati asasakanikirane m'mimba ndi mankhwala a chifuwa. Makani a munthu ameneyu, inu!

Mayi sanalimbane nawo. Anakaitana anamwino okhala m'nyumba yoyandikana ndi yawo, amene anabwera atavala masiki n'kuima pakhomo. Anamwinowo anayang'ana mapazi otupa a bambo, n'kumvetsera mmene akupumira. Kenako anafotokoza kuti kachilombo ka korona kakalowa m'mapapo, mpweya umachepa m'magazi, ndiye mtima umagwira ntchito yowirikiza. Kutentha thupi nako kumauthamangitsa. Mtima wathanzi umapirira, koma wofooka kale utha kulephera, makamaka ukamanidwa mankhwala ake.

"Alamu, kubanika kwa lero si kwa masiku onse," anatero anamwino. "Mukadikira mawa, mwina achemwali angawa akunyamulani muli osalankhula."

Bambo anafuna kuyankha, koma mpweya sunawakwanire kumaliza mawu. Anangoloza nsapato zawo kuti azipita.

Kuchipatala anawayeza n'kuwapeza ndi korona. Anawagoneka, kuwaika pa mpweya wothandizira kupuma, ndi kuwayambitsanso mapilitsi aja. Mayi nawo anayezetsa n'kukhala kaye kwaokha kunyumba, akungoyang'ana foni. Dokotala ananena poyera kuti akanachedwa pang'ono, nkhani ikanakhala ina.

Bambo atachira, onse awiri anakabayitsa katemera dokotala atawauza kuti nthawi yakwana. Tsiku lotsegulanso ntchito, mayi anakokera mpando wometera pakhonde, pamene mphepo imadutsa, napachika galasi pamsomali wa panja. Bambo anadandaula kuti tsitsi liziuluka mpaka kwa anamwino.

"Liuluke," anatero mayi. "Ndisesa ine. Tsitsi ndingasese, koma inu ndikakupezaninso kuti?"

Bambo anameza pilitsi lawo la m'mawa osatsutsa, n'kuitana kasitomala woyamba.

Ngati muli ndi matenda a mtima, korona ndi woopsa kwambiri kwa inu. Musasiye mankhwala anu popanda kuuzidwa ndi dokotala, bayitsani katemera, ndipo mukayamba kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.