Maluwa a Tiyi pa Chinkhoswe cha Mtisunge

Nkhungu ya ku Thyolo ikatsika m'minda ya tiyi, munthu umayenda ngati ukadali m'tulo. M'mawa umenewo a Sellah ankadutsa m'mizere yonyowa, dengu kumsana, mtima uli m'mwamba. Linali tsiku la chinkhoswe cha mwana wawo Mtisunge, mphunzitsi wa ku Blantyre, ndipo akuchimuna anali anthu a m'maofesi, obwera pagalimoto.

Mtisunge anali atanena mosabisa pafoni: "Amayi, mukandichititsa manyazi, ukwati ndikachitira m'tauni, ndipo apongozi anga kumudziko sadzapondanso."

Nkhani yake inali ya mapulasitiki. Mwanayo ankafuna mabaluni, mbale zotaya ndi majumbo onyamulira nyama. A Sellah anakana kwamtuwagalu. Phwando la Khirisimasi litatha chaka chatha, kamtsinje kotunga madzi kanatsekeka ndi zinyalala, ndipo mbuzi yawo yamkota inafa mimba itadzaza majumbo. Ndiye lero abwerezenso pakhomo pawo? Ayi ndithu. Makapu achitsulo anabwereka kumpingo, masamba a nthochi anawawamba pamoto kuti asang'ambike pokulungira mpunga, ndipo nsungwi anazipinda kukhala khomo lolowera. Chinatsala ndi maluwa.

Kuseri kwa phiri kunali tiyi wakale amene esiteti inasiya kudulira. Ambiri sadziwa kuti tiyi akamulekerera amakula n'kukhala mtengo. A Sellah atalowa pansi pake anaima duu. Maluwa oyera, pakati pachikasu, anali lendelende m'nkhungu, mame akudontha pang'onopang'ono, njuchi zikulira chapansipansi. Anaona m'maganizo Mtisunge ali kamwana, atagona m'mthunzi wa tiyi pa chitenje, chibakera m'kamwa. Anamuonanso atakula, akuyenda pansi pa nsungwi zoyera mbuu, anthu akululutira. Anamwetulira okha, manja akugwira ntchito.

Koma manja a munthu wothyola tiyi zaka makumi atatu, abale inu, samva za mwiniwake. Mutu uli kumaloto, zala zinkangobudula nsonga, tswa tswa, kuponya kumbuyo, n'kumatsendera m'dengu monga zimachitira pa tiyi.

Atakhuthula pakhomo, mnzawo wa kumunda, a Lestina, anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Asisi, mwabweretsa maluwa kapena mukupita nawo kusikelo ngati tiyi? Nanga mapesi ali kuti? Timanga chiyani pansungwipa?"

Zoonadi. Panalibe duwa limodzi la phesi, ndipo apansi anali ataphwanyika, ayamba kufiira. Kobwerera kunali kutali, dzuwa linali litaboola nkhungu, ndipo kumsewu kunamveka hutala. A Sellah anakhala pansi. Anachita mantha, anachita manyazi, ndipo anabisa m'chitenje zala zawo zakuda zong'aluka.

Mtisunge anali woyamba kutsika m'galimoto. Anayang'ana nsungwi zopanda kanthu, makapu osiyanasiyana, ndi mulu wa maluwa pamphasa. Anatola duwa limodzi, n'kuliyang'ana uku ndi uku.

"Amenewa mwagula kuti?"

"Ndi a tiyi, mwananga," anayankha a Sellah, maso ali pansi. "Ndalakwitsa kathyoledwe. Manja anandipitirira."

"Tiyi amachita maluwa?"

"Akamusiya."

Mtisunge anakulira m'minda yomweyo, sukulu yake yonse inachokera m'dengu lija, koma duwa la tiyi anali asanalionepo. Ananunkhiza. Kenaka anavula kumutu kamkombero ka maluwa apulasitiki kamene anagula m'tauni, n'kugwada chofulatira pakati pa miyendo ya mayi ake.

"Ndisomekeni m'maluko a tsitsimu. Opanda mapesiwa ndiye akhala bwino."

Zala za a Sellah zinayamba kusomeka maluwa ndi liwiro lija la kumunda. A Lestina anawaza otsalawo m'njira yonse, atayamba kale nthungululu.

Amayi a mkamwini anafika atanyamula nsapato zazitali m'manja chifukwa cha matope. Anaima n'kumayang'ana mutu wa Mtisunge.

"Koma ndiye wakongola! Wokongoletsa wake mwamupeza kuti, ku Limbe?"

A Sellah anafuna kuzemba, poti ankadziwa kuti mwanayo ankangouza apongozi kuti mayi ake "ali ku esiteti," osatchula ntchito. Koma Mtisunge anawagwira dzanja, n'kulitulutsa m'chitenje anthu onse akuona.

"Ndi awa, amayi anga. Amathyola tiyi. Ndipo ukwati tidzachitira pompano, mubwerenso ndi nsapato zamatope."