Makadi a m'bokosi la nsapato

"Mayi alibe vuto," anatero Changu, ataima pakhomo ngati munthu wodikira basi. "Munthu wosaiwala tsiku lobadwa la aliyense, mpaka zidzukulu, mukuti sangakhale yekha?"

Mlongo wake wamkulu, amene onse ankangomutcha Aphunzitsi, sankagwirizana nazo. Panali patatha masiku asanu chiikireni bambo awo m'manda, ndipo nkhani inali itavuta: mayi akhala ndi ndani? Changu, monga mwa dzina lake, ankafuna zithe lero lomwe, aliyense abwerere kwawo. Koma Aphunzitsi anali atawaona mayi dzulo lake ataima pakati pa khitchini, ketulo ili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo. Changu anati chimenecho ndi chisoni chabe, chitha.

Kunena zoona, mnyamatayo anali ndi mfundo. Chaka ndi chaka, tsiku lako likafika, foni inkalira m'mamawa, mayi n'kukuimbira nyimbo ndi mawu awo osamveka bwino aja. Bambo, mmisiri wosoka nsapato, sankagwira foni n'komwe. Unkangowamva chapatali akukhosomola.

Aphunzitsi anapita kukasesa m'kanyumba ka bambo kuseri, poti mtima ukamawawa manja amafuna ntchito. Munkanunkhabe guluu ndi chikopa. Pansi pa benchi anapeza bokosi la nsapato lomangidwa ndi chingwe. Munalibe nsapato. Munali makadi odula pa makatoni, ogawidwa bwinobwino m'miyezi khumi ndi iwiri. Khadi lililonse linali ndi dzina, tsiku lobadwa, ndi saizi ya phazi, poti mmisiri ndi mmisiri basi.

Makadi akale anali ndi zokhazo. Koma a zaka zitatu zapitazi anali odzaza mbali zonse ndi zilembo zokhota za bambo. "Ana ake ndi awiri tsopano." "Mwamuna wake osamutchula, anasiyana." "Amakhala kutali, osamufunsa ngati abwera madzulo." Ndipo mkati mwa chivundikiro munali mawu olembedwa mokanikiza:

"Osawauza. Kuwafunsa kuti lero ndi pa chani. Kutchulako zimene zinachitika tsiku lomwe mwanayo anabadwa. Kudikira. Akumbukira okha."

Aphunzitsi anakhala pa mpando wa bambo. Zaka zitatu! Munthu wosalankhulalankhula uja anasenza yekha matenda a mkazi wake, n'kumawasiyira ulemu wonse. Anamva manyazi, anamvanso kunyada kumene anali asanakumvepo.

Khadi lakutsogolo linali la tsiku lomwelo, tsiku lobadwa la Changu. Aphunzitsi anamuitana.

"Tawerenga ichi, Changu. Ndipo ukhale pansi, kamodzi kokha m'moyo wako."

Changu anawerenga chivundikiro, kenaka khadi lake. Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Achemwali, ine m'mawa wonsewu ndakhala ndikudikira kuti mayi andiimbire. Ndimati mwina achita manyazi chifukwa cha maliro."

"Ndiye ukuti akhale okha?"

"Ayi. Ndikakonza chipinda kwathu. Koma bokosili litsagana nawo."

Anawapeza mayi pakhonde akupinda malaya a malemu, n'kuwapindula, n'kuwapindanso. Aphunzitsi anakhala pambali pawo.

"Mayi, kodi lero ndi pa chani?"

"Kaya, mwanawe. Masiku ano akungofanana."

"Ndi pa naini. Ndangokumbuka za galimoto ija inafa pa mlatho, inu muli m'kati, mukuthamangira kuchipatala."

Mayi anasiya malaya.  Changu anatsegula pakamwa, koma mlongo wake anamuponda phazi. Anadikira. Kudikira kwake kunali kotalika, moti Aphunzitsi anadabwa kuti bambo ankakupirira bwanji m'mawa uliwonse wotere.

Kenaka nkhope ya mayi inawala.

"Iwe Changu! Si lero unabadwa iwe? Unatulukira m'galimoto momwemo, wosadikira ngakhale anamwino. Bwera kuno!"

Anamugwira mutu, bambo wa ndevu zake, n'kumuimbira nyimbo yonse mpaka kumapeto. Atamaliza anapukuta maso, natembenukira kwa mwana wawo wamkazi monyadira.

"Mwaona? Pakanakhala bambo anu akanaiwala. Munthu uja analibe mutu wosunga masiku."

"Zoonadi, mayi," anatero Aphunzitsi. "Analibiretu."